Luso la kukambirana limayamba munthu asanafike pamsika

Dzuwa likamapendeka pamsika wa pa Chiradzulu Boma, mtengo wa tomato umayamba kutsika ngakhale kuti tomatoyo ndi yemwe uja wa m'mawa. Mayi amene adalawirira kuchokera kudimba ndi dengu pamutu amakhala atabweza kale ogula awiri kapena atatu chifukwa cha mtengo wosakwanira. Tsopano kwatsala wopikula mmodzi wochokera ku Limbe, amene waima chapatali ngati alibe nazo ntchito. Munthuyo akudziwa zinthu zitatu: tomato wakupsa sagonera masiku, mayiyo alibe posunga, ndipo kunyumba akudikira ndalama ya chigayo ndi sopo. Akayandikira n'kutchula mtengo wake, mayi uja amadandaula, amatchula za kukwera kwa feteleza ndi mankhwala, koma pamapeto pake amatambasula dzanja.

Oonerera amati mayiyo satha kunenerera. Koma vuto lake silili pakamwa. Ngakhale akadakhala wodziwa kulankhula ngati loya, mawu ake sakadasintha kanthu, chifukwa wogulayo angathe kuchoka osagula pamene iye sangathe kubwerera ndi dengu lodzaza. Nkhani ya mtengo idatha m'mawa, pamene adathyola tomato yense nthawi imodzi asakudziwa kuti agula ndani.

Zochitika pa dengu la tomatozi ndi zomwenso zimachitika wachinyamata akamakambirana za malipiro ndi wolemba ntchito, kapena mwini bizinesi akamapempha ngongole ku banki. Boma la Chiradzulu ndi poyenera kuphunzirirapo nkhaniyi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 350 000, ndipo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Minda ndi yaing'ono, pamene msika waukulu wa Limbe ndi Blantyre uli pafupi. Banja la kuno silingadalire kukula kwa munda. Limadalira mtengo umene lingapeze pa zochepa zomwe lili nazo, kaya ndi tomato, kabichi, nandolo, mkaka, luso la manja kapena satifiketi ya maphunziro. Mtengowo umatsamira pa zinthu zimene munthu amakonzeratu asanatsegule pakamwa: njira ina, chidziwitso, gulu, ndi mbiri yake pakati pa anthu.

Wopanda kolowera sakambirana

M'chaka cha 1981, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, Roger Fisher ndi William Ury, adatulutsa buku lotchedwa Getting to Yes, lomwe mpaka lero limawerengedwa m'masukulu a zamalonda. Mfundo yawo yotchuka ndi yakuti mphamvu ya munthu pokambirana imachokera pa chimene angachite ngati zokambiranazo zalephereka. Amene ali ndi kwina kolowera amatha kukana. Amene alibe amangopempha chifundo.

Anthu a ku Chiradzulu adaphunzira mfundoyi kale, ndipo adaiphunzira mowawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero padali mabanja ambiri a Alhomwe ochokera ku Mozambique. Kuti akhale pamalopo ankagwira thangata. Pa mawu idali miyezi iwiri pachaka, umodzi wa lendi ya malo ndi wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatalikitsidwa monga momwe oyang'anira esiteti afunira. Anthuwo sankasowa nzeru kapena mawu. Ankasowa malo ena opitako, ndipo mwini esiteti ankadziwa zimenezo.

Lero palibe thangata, koma mlimi amene wagulitsa mbewu zili m'munda chifukwa cha njala ya mu Febuluwale, kapena amene watenga katapila woti adzabweze ndi matumba, amafika pa nthawi yokolola atamangidwa kale manja. Choncho ntchito yoyamba ya wofuna mtengo wabwino ndiyo kudzipangira njira yachiwiri. Wa tomato angathe kubzala mosiyanitsa masabata kuti asapse onse pamodzi, n'kumathyola atamvana kale ndi ogula pafoni. Angathenso kufunsa mitengo ya ku Mbulumbuzi, ku Njuli ndi ku Limbe asanasankhe kopita. Wa nandolo ali ndi mwayi woposa, popeza nandolo wouma amasungika. Chomwe chimamugonjetsa ndi kusowa kwa ndalama ya lero. Apa ndi pamene banki m'khonde imakhala chida chokambirana nacho, chifukwa ngongole yochepa yolipirira fizi imamupatsa milungu ingapo yodikira.

Njira yachiwiri iyenera kukhala yeniyeni. Woopseza kuti apita kwa wogula wina pamene wogulayo kulibe amagwidwa msanga, ndipo akagwidwa kamodzi mawu ake sakhalanso ndi kulemera.

Mtengo umachokera kutali

Chachiwiri ndi chidziwitso. Mlimi wa nandolo akamakangana ndi venda pansi pa mtengo wa mango, nthawi zambiri amaganiza kuti mtengo wachokera m'mutu mwa vendayo. Zoona zake n'zakuti vendayo amagulitsa kwa makampani a ku Limbe, ndipo makampaniwo amayang'ana msika wa ku India, dziko limene limagula nandolo wambiri wa kuno. Mu Ogasiti 2017, boma la India lidaika malire pa kuchuluka kwa nandolo wolowa m'dzikolo chifukwa alimi ake adakolola zochuluka. Mtengo udagwa kwambiri m'maboma onse olima nandolo m'chigawo cha kummwera, ndipo panalibe luso la pakamwa limene likadaukweza. M'chaka cha 2021, maiko awiriwa adasainirana mgwirizano woti India izigula matani 50 000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mlimi wotsatira nkhani zotere pa wailesi amadziwa chaka choumirira ndi chaka chogulitsa msanga.

Pali manambala atatu amene wogulitsa aliyense ayenera kukhala nawo asanakumane ndi wogula. Yoyamba ndi ndalama zonse zimene zalowa pa katunduyo: mbewu, feteleza, aganyu, matumba, thiransipoti, chiphaso cha pamsika, ndi masiku amene mwini wake wagwira ntchito, omwe ambiri amaiwala kuwawerengera. Yachiwiri ndi mtengo umene ena akulandira pa katundu wofanana sabata yomweyo. Yachitatu ndi mtengo wotsikitsitsa umene iye angavomere, womwe amausunga mumtima. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka. Ngakhale kuti si ogula onse amaitsatira, imapatsa mlimi poimira pamene akutsutsa mtengo wachipongwe. Sikelo nayo ndi mbali ya mtengo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayesa ndi kutsimikizira masikelo amalonda, ndipo mlimi amene wayezeratu thumba lake kwina savutika kuzindikira sikelo yopotoka.

Chidziwitso chimathandizanso pa funso lakale lakuti ayambe kutchula mtengo ndani. M'chaka cha 1974, akatswiri a za maganizo a anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wina wosavuta. Ankazunguza gudumu la manambala anthu akuona, kenaka n'kuwafunsa kuti mwa maiko 100 aliwonse a m'bungwe la United Nations, a mu Africa angakhale angati. Amene gudumu lidawaimira pa 10 mayankho awo adazungulira pa 25, pamene amene lidawaimira pa 65 adazungulira pa 45. Nambala yopanda tanthauzo idakoka maganizo awo. Pamsika n'chimodzimodzi: mtengo woyamba kutchulidwa umakhala ngati chikhomo chimene zokambirana zonse zimazungulirapo. Wodziwa bwino msika amapindula akayamba ndiye kutchula, bola mtengo wake ukhale ndi zifukwa. Wosadziwa msika ndi bwino ayambe wafunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Chala chimodzi

Mkaka umaonongeka msanga kuposa tomato. Mlimi wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri, akakhala yekha, alibe nthawi yonenerera. Akachedwa maola ochepa mkaka wasasa. Komabe Chiradzulu, pamodzi ndi Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ndi limodzi mwa maboma amene amatulutsa mkaka wambiri wogulitsa ku makampani. Chinsinsi chake ndi magulu osonkhanitsa mkaka, amene ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Alimi amabweretsa mkaka pamalo amodzi, umayesedwa ngati sudathiridwe madzi komanso ngati sudasase, umalembedwa m'kaundula, n'kuthiridwa m'thanki yoziziritsa kudikira galimoto ya kampani.

Thankiyo imachita zinthu ziwiri. Imagula nthawi, ndipo imasandutsa malita ochepa a anthu ambiri kukhala katundu wokwanira kuti kampani itumize galimoto. Izi sizitanthauza kuti alimi a mkaka amalandira mtengo umene amafuna. Madandaulo a mtengo wotsika amamveka kawirikawiri, popeza makampani ogula ndi owerengeka. Koma gulu limakhala pa tebulo, pamene mlimi payekha sakadaitanidwa n'komwe.

Ganizo lophatikiza mphamvu si lachilendo kuno. M'chaka cha 1909, mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ndi anzake ena ochita malonda adayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union, lofuna kuteteza ndi kutukula mabizinesi a anthu akuda pa nthawi imene malonda adali m'manja mwa azungu ndi amwenye. Bungwelo silidakhalitse. Makopaletivi ambiri a masiku ano, ngakhale olembetsedwa bwinobwino pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, nawonso amafa ali aang'ono, ndipo matenda ake ndi odziwika. Gulu limalonjeza wogula matumba akutiakuti, koma tsiku lisanafike mamembala ena amagulitsa mwamseri kwa mavenda chifukwa cha ndalama ya pompopompo. Galimoto ikabwera n'kupeza theka la katundu, wogulayo sabweranso. Matenda ena ndi atsogoleri obisa mabuku. Gulu lofuna kulemekezedwa pokambirana limalonjeza zochepa zimene lingakwanitse, limawerenga ndalama poyera, ndipo limasankha olilankhulira chifukwa cha kudziwa masamu ndi kudekha, osati chifukwa cha mawu okweza.

Kukopa ndiko kumva kaye

Pabwalo la mfumu, kapena ankhoswe akakumana pa nkhani ya banja, wolankhula wanzeru sayamba ndi zofuna zake. Amapereka moni, amamva mbali inayo mpaka itamaliza, amabwereza zimene wamva kuti eni ake avomereze kuti wamvetsa, kenaka ndiye amatula zake. Mwambo umenewu ndi luso lenileni la kukopa, ndipo umagwira ntchito mu ofesi monga momwe umagwirira pabwalo.

Chifukwa chake n'chakuti chimene munthu amatchula si nthawi zonse chimene chikumuvuta. Mwini lesitilanti pa Boma amene akukana mtengo wa kabichi mwina nkhawa yake yeniyeni si mtengo, koma kuti sabata yatha womubweretsera sadabwere ndipo makasitomala adadya nsima yopanda masamba. Mlimi amene wafunsa n'kuzindikira zimenezi ali ndi choti agulitse choposa kabichi: angalonjeze kubweretsa Lolemba ndi Lachinayi lililonse mosaphonya, n'kupempha mtengo wokhazikika wa mwezi wonse. Aliyense wapeza chimene amafuna popanda wina kugonja.

Pokambirana pamakhala zinthu zambiri kuposa mtengo: tsiku lolipira, amene alipire thiransipoti, kuchuluka kwa katundu, mtundu wake, ndi amene asenze chitayiko katundu akaonongeka panjira. Munthu amene akuona mtengo wokha amakhala ngati akukokerana chingwe ndi mnzake. Amene akuona zonsezi amatha kutaya chimene kwa iye n'chotsika mtengo kuti alandire chimene kwa iye n'chofunika. Lamulo lake ndi losavuta: chilichonse chimene wagonjera chizibwera ndi chosinthana nacho. Wochotsera mtengo apemphe ndalama ya pamanja kapena oda yokulirapo.

Umboni umakopa kuposa malumbiro. Kalipentala wofuna ntchito ya madesiki a sukulu amapita ndi zithunzi za madesiki amene adakhomapo kale ndi nambala za anthu amene angamuchitire umboni. Pa Boma pali maofesi a khonsolo, chipatala, sukulu ndi nthambi zina zimene zimagula katundu motsatira malamulo a kagulidwe ka zinthu za boma. Kumeneko chimene chimalankhula poyamba ndi mapepala: satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya ku Malawi Revenue Authority, kulembetsa ku bungwe la PPDA, ndi akaunti ya ku banki ya bizinesiyo. Wopanda zimenezi salowa n'komwe mu mpikisano, ngakhale katundu wake atakhala wabwino kuposa wa onse.

Chomaliza pa kukopa ndi kusunga ulemu wa mnzako. Chiradzulu Boma ndi tauni yaing'ono. Wogula amene wachititsidwa manyazi lero ndi yemweyo adzakhale pa mpando wa komiti ya tchalitchi kapena pa maliro mawa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Kukana mtengo n'kololedwa, koma kukana mwaulemu kumasiya khomo lotsegula.

Kalumo ka mlendo

Za kudziwana ndi anthu, mbiri ya Chiradzulu ili ndi zitsanzo ziwiri zazikulu. John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama ya K2 000, amakumbukiridwa pa 15 Januwale chifukwa cha kuukira atsamunda kwa 1915, koma zaka za m'mbuyo mwake zimaphunzitsa zina. Mu 1892 adayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, ndipo mu 1897 adapita naye ku America. Booth adalibe chuma chomuphunzitsira. Chimene adamupatsa ndi khomo lolowera kwa Akhristu akuda a mpingo wa Baptist. Kudzera mwa Lewis G. Jordan wa bungwe la National Baptist Convention, Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo pobwerera mu 1900 adatsegula Providence Industrial Mission ndi thandizo la bungwelo. Anthu amene adamuthandiza kumanga PIM, monga Landon Cheek ndi Emma DeLany, sadali abale ake kapena a mudzi wake.

Mmodzi mwa ana amene adaphunzira pa PIM, Daniel Sharpe Malikebu, adatsatira DeLany ku America ndipo mu 1917 adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College. Atafuna kubwerera kwawo mu 1921, boma la atsamunda lidamukaniza kulowa, poti chilonda cha 1915 chidali chisanapole. Malikebu sadadule ubale ndi mpingo umene unkamuthandiza. Adakagwira ntchito ku Liberia uku nkhani yake ikukambidwabe, mpaka mu 1926 adaloledwa kudzatsegulanso PIM. Kukana kwa 1921 sikudali mawu otsiriza. Padafunika zaka zisanu, ntchito yooneka ndi anthu omuyankhulira.

Mu 1973, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, adafalitsa zimene adapeza atafunsa anthu a m'tauni ya Newton, pafupi ndi Boston, za momwe adapezera ntchito. Mwa amene adaipeza kudzera mwa munthu wina, ambiri adamva kwa munthu amene ankakumana naye mwa apo ndi apo, osati bwenzi la tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake n'chomveka: abale ndi mabwenzi apamtima amadziwa zomwezo zimene mwini wake akudziwa kale, pamene wodziwana naye patali amayenda m'mabwalo ena. Mwambi wakuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa umanena zomwezo.

Kwa wophunzira wa pa Catholic University ku Nguludi, kapena wa zaluso ku Mikolongwe, izi zikutanthauza kuti mphunzitsi wakale, woyang'anira pamalo amene adakaphunzirira ntchito, mlangizi wa zaulimi, ngakhale dalaivala wa minibasi ya ku Limbe, ndi chuma chofunika kuchisamala. Kusamalako si kupempha. Ndi kupereka moni nthawi imene palibe chofuna, kudziwitsa mnzako za mwayi umene wamva, kubweza ngongole pa tsiku lake, ndi kuthokoza amene adathandiza pomuuza momwe zidathera. Kupatsa n'kuika. Amene amaimba foni pokhapokha akafuna thandizo, nambala yake imayamba kulira osayankhidwa.

Pali malire oyenera kuwadziwa. Kudziwana kwabwino kumathandiza munthu kumva za mwayi ndi kupeza womuchitira umboni pa zimene amathadi. Kupereka kangachepe kuti fomu idumphe mzere, kapena kuti kontirakiti ipite kwa wosayenera, ndi ziphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Kupatula za ndende, wopeza ntchito mwa njira imeneyi amakhala kapolo wa amene adamulowetsa.

Pa malipiro ndi kukwezedwa

Achinyamata ambiri akafunsidwa pa intavyu kuti akufuna kulandira zingati amayankha kuti chilichonse. Ntchito n'zosowadi, ndipo mantha awo ndi omveka. Komabe mbewa ya manyazi idafera kuuna. Wofunsiratu kwa anthu a ntchito yofanana amatha kutchula malire oyenera modekha, ndipo wolemba ntchito amaona kuti akulankhula ndi munthu wodziwa mtengo wa luso lake. Ngati malipiro sangasunthe, pali zina zokambirana: ndalama ya thiransipoti, maphunziro owonjezera, kapena lonjezo lolembedwa loti malipiro adzaunikidwanso nthawi yoyesedwa ikatha.

Malamulo amapatsa wantchito poyambira. Lamulo la Employment Act la 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka chikalata chofotokoza za ntchitoyo, kuphatikizapo malipiro ndi maola, pasanathe mwezi munthu atayamba. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limapereka ufulu wolowa m'bungwe la apantchito ndi kukambirana monga gulu. Zimenezi si zopempha mogwada, ndipo wozidziwa sazisinthanitsa ndi china.

Wofuna kukwezedwa amalakwitsa akayamba ndi mavuto ake: lendi yakwera, ana akudwala, chimanga chadula. Zonsezo n'zoona, koma n'zoonanso kwa aliyense mu ofesimo. Bwana amasunthika ndi zimene iye angakafotokoze kwa akuluakulu ake. Wantchito wosunga kabuku ka zimene wachita, monga makasitomala amene wabweretsa, ndalama zimene wapulumutsa ndi ntchito zowonjezera zimene wasenza, amalowa ndi nkhani yomveka. Nthawi nayo ndi yofunika: pempho lofika bajeti isanatsekedwe limapeza malo, lofika itatsekedwa limauzidwa kuti lidikire chaka chamawa.

Zogwirizana zilembedwe

Zokambirana zambiri zimayenda bwino pakamwa n'kudzaonongeka pa tsiku lolipira, chifukwa aliyense amakumbukira zomukomera. Kulemba si kukayikira mnzako. Ndi kuteteza ubale. Pepala la m'kope lokhala ndi tsiku, kuchuluka kwa katundu, mtengo, tsiku lolipira ndi masiginecha a mbali zonse pamodzi ndi mboni limaletsa milandu yambiri. Ngakhale uthenga wa pafoni wobwereza zimene mwagwirizana, kapena umboni wa Airtel Money ndi Mpamba, ndi wabwino kuposa kudalira kukumbukira.

Tsiku lolipira ndi lofunika ngati mtengo weniweniwo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense amene adali atapereka katundu pa ngongole pa mtengo wakale adalandira ndalama yosakwanira kuodanso katundu yemweyo. Kuyambira pamenepo, wabizinesi wochenjera amalemba pa kotesheni yake masiku amene mtengowo ugwire ntchito, ndipo pa ntchito yaitali amapempha gawo la ndalama poyamba.

Luso la kukambirana lili ndi malire ake. Silingasinthe mtengo wa ku India, silingabweretse mvula, ndipo silingachulukitse makampani ogula mkaka. Mu Novembala 1914 Chilembwe adalemba kalata yodekha ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula za kutengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu, koma olamulira sadafune kumva. Pali nthawi zimene mbali inayo yatseka makutu, ndipo zikatero chofunika kusintha ndi malamulo ndi kayendetsedwe ka msika, osati mawu a wogulitsa.

Koma pakati pa zosatheka ndi zotheka pali danga lalikulu, ndipo m'menemo ndi momwe mumapezeka ndalama ya fizi. Mayi wa tomato uja sangasinthe msika wa ku Limbe. Angathe kuthyola theka la munda lero ndi theka Lachisanu, kusunga nambala za opikula atatu m'malo mwa mmodzi, kumvana ndi amayi anzake asanu kuti achite hayala galimoto imodzi, ndi kudziwa pamtima ndalama imene dengu lake lamudyera. Akatero, wopikula woima chapatali uja ndiye amayamba kuyang'ana dzuwa, poti nayenso ali ndi benchi ku Limbe imene siyenera kugona yopanda tomato.